Khutu lilibe sipeya

Pa misonkhano yathu kuno ku London timakambirana za mapepala okhalira m'dziko muno, za ndalama zotumiza kumudzi, za thumba lothandizana pa maliro ndiponso za sukulu za ana. Zonsezi ndi nkhani zofunika. Koma pali chuma china chimene sitichitchula, chikhalirecho ndife tomwe tikuchiwononga ndi manja athu Loweruka ndi Lamlungu lililonse. Chumacho ndi makutu athu, makamaka makutu a ana athu. Ganizo lathu ndi lakuti pa maukwati, pa zinkhoswe, pa mapemphero ndi pa zikondwerero za pa 6 July tichepetse zimkuzamawu, ndipo nkhani yoyezetsa makutu tiyitenge monga momwe timatengera nkhani yoyezetsa shuga kapena kuthamanga kwa magazi. Kuti ganizoli lisaoneke ngati la anthu odana ndi chisangalalo, tiyambe ndi kufotokoza chimene mawu ali ndi momwe khutu limawalandirira.

Mmene mawu amayendera

Woyimba ng'oma akamenya chikopa, chikopacho chimanjenjemera. Chikatukumukira kunja chimapanikiza mpweya umene uli pafupi, ndipo chikabwerera chimausiya utatakasuka. Mpweya wopanikizikawo umakankha unzake, unzakewo unzake, mpaka kukankhanako kufike pa khutu la munthu amene ali kutsidya kwa dambo. Tikumbukire mzere wa pa chigayo: wakumbuyo akakankha, kukankhako kumafika kwa wakutsogolo ngakhale aliyense wangosuntha pang'ono n'kubwerera pamalo pake. Mpweya wa pa ng'oma sufika m'khutu mwathu. Chimene chimayenda ndi kukankhanako. Izi ndi zimene akatswiri amazitcha mafunde a mawu.

N'chifukwa chake pamalo popanda mpweya, madzi kapena chinthu cholimba, mawu sayenda. Robert Boyle anaonetsa zimenezi ku Oxford m'buku lake la mu 1660: anaika wotchi m'botolo lagalasi n'kupopa mpweya kuutulutsa, ndipo kulira kwa wotchiyo kunazilala. Liwiro la mawu nalo linayezedwa konkuno. William Derham anali m'busa wa tchalitchi cha St Laurence ku Upminster, kumene sitima ya District Line imathera masiku ano. Iye ankakwera pa nsanja ya tchalitchicho, kuyang'ana kung'anima kwa mfuti yoombedwa kutali, n'kuwerenga nthawi imene inkadutsa kulira kwake kusanamupeze. Zimene anapeza cha m'ma 1709 sizili kutali ndi zimene tikudziwa lero, zoti mumpweya wofunda bwino mawu amayenda mamita pafupifupi 343 pa sekondi. Tonse tinazionapo zimenezi nthawi ya dzinja kwathu: mphezi imang'anima kaye, bingu n'kumveka pambuyo. Masekondi atatu alionse apakati pa ziwirizi ndi mtunda wa kilomita imodzi. M'madzi mawu amathamanga kuposa pamenepo kanayi, ndipo m'chitsulo amathamanga koposerapo.

Mafundewa ali ndi mbali ziwiri zimene tiyenera kuzisiyanitsa. Yoyamba ndi kuchuluka kwa kunjenjemera pa sekondi imodzi, kumene amakuwerenga m'ma hertz. Ng'oma yaikulu imanjenjemera mochedwa, motero imalira besi. Wenzulo imanjenjemera mofulumira, motero imalira mosongoka. Khutu la mwana wathanzi limamva kuyambira pa ma hertz 20 mpaka pafupifupi 20,000, ndipo malire apamwambawa amatsika munthu akamakula. Mbali yachiwiri ndi mphamvu ya kukankhako, imene timaimva ngati kukwera kapena kutsika kwa phokoso. Iyi amaiyeza m'madesibelo, dzina lochokera kwa Alexander Graham Bell, mbadwa ya ku Edinburgh amene analembetsa telefoni mu 1876, ndipo mayi ake ndi mkazi wake anali ndi vuto la kumva.

Zimene zili m'kati mwa khutu

Khutu limene timaliona panjali ntchito yake ndi kusonkhanitsa mafunde ndi kuwalowetsa mu ngalande. Kumapeto kwa ngalandeyo kuli nembanemba yopyapyala, yokungika ngati chikopa cha ng'oma. Ikanjenjemera imagwedeza timafupa titatu tolumikizana. Kotsiriza mwa ito ndi kafupa kakang'ono kwambiri m'thupi lonse la munthu, ka mamilimita pafupifupi 3. Timafupati timasonkhanitsa mphamvuyo n'kuikankhira pa kazenera ka chiwalo chopiringizika ngati chigoba cha nkhono, chodzala ndi madzi. M'kati mwa kankhonoka muli timaselo pafupifupi 15,000 tokhala ndi titsitsi pamwamba. Madzi akagwedezeka titsitsito timawerama, ndipo kuweramako kumasanduka uthenga wopita ku bongo kudzera mu mtsempha. Georg von Békésy, amene analandira mphotho ya Nobel mu 1961, ndiye anaonetsa kuti mawu osongoka amagwedeza chigawo cha pakhomo pa kankhonoka pomwe mawu abesi amafika cha kumapeto kwake.

Mfundo yaikulu ndi iyi: timaselo timeneti tikafa sitimeranso. Khungu likachekeka limapola, fupa likathyoka limalumikizana, koma timaselo ta m'khutu la munthu tikawonongeka ndiye kuti tapita mpaka kalekale. Phokoso lalikulu limatipondereza ngati momwe anthu amapondera udzu. Akadutsa kamodzi udzu umadzukanso. Akamadutsa tsiku ndi tsiku pamasanduka njira ya fumbi. Choopsa n'chakuti zimenezi sizipweteka ndipo sizitulutsa magazi. Chizindikiro chokha ndi chija timachimva tikatuluka ku phwando, makutu akulira ndiponso mawu akumveka ngati tili m'madzi. Ena amati khutu likamalira ndiye kuti wina akukunena. Kunena zoona, ndi khutulo limene likudandaula.

Masamu a phokoso

Madesibelo sawerengedwa ngati makilogalamu a ufa. Kukwera ndi madesibelo 3 okha ndiye kuti mphamvu ya phokoso yawirikiza kawiri, ndipo kukwera ndi 10 ndiye kuti yawirikiza kakhumi. Kucheza kwa anthu awiri kumakhala cha pa 60. Malamulo a dziko lino oteteza antchito ku phokoso, amene anakhazikitsidwa mu 2005 n'kuyamba kugwira ntchito mu 2006, amati phokoso la tsiku lonse la ntchito likafika pa 80 bwana afotokozere antchito za kuopsa kwake ndi kupereka zotchingira makutu kwa wozifuna, ndipo likafika pa 85 zotchingirazo zivalidwe ndithu. Tsopano tiwerengere limodzi. Phokoso la 85 kwa maola 8 ndi lofanana ndi la 88 kwa maola 4, la 91 kwa maola 2, la 94 kwa ola limodzi, ndipo la 100 kwa mphindi 15 zokha. Mwana amene wakhala pafupi ndi chimkuzamawu cholira pa 100 kwa mphindi 15 walandira katundu wofanana ndi wa munthu wamkulu amene wagwira ntchito tsiku lonse m'fakitale yaphokoso. Nanga madyerero athu a ukwati amatha mphindi 15?

Tisaiwalenso kuti makutu athu amafika pa phwandopo atatopa kale. Mu 2018 a BBC, mothandizidwa ndi katswiri wa ku University College London, anayeza phokoso m'sitima zapansi panthaka, ndipo anapeza kuti pakati pa Liverpool Street ndi Bethnal Green linkafika pa madesibelo 109. Ambiri a ife timakwera sitima zimenezi m'mawa ndi madzulo, ndipo pofuna kugonjetsa kulira kwa njanji timakweza nyimbo m'mahedifoni, kuthira phokoso pamwamba pa phokoso. Ena timagwira ntchito pa zomangamanga, m'nyumba zosungiramo katundu, m'makhitchini akuluakulu, kapena ya ulonda pa makomo a malo ovinira. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linachenjeza mu 2015 kuti achinyamata pafupifupi 1.1 biliyoni ali pa chiopsezo chifukwa cha kamvedwe ka nyimbo kotereka, ndipo lipoti lake la mu 2021 linati anthu oposa 1.5 biliyoni ali kale ndi vuto la kumva, lalikulu kapena laling'ono. Malangizo ake ndi akuti wamkulu asapitirire maola 40 pa sabata pa madesibelo 80, ndipo kwa ana muyezowo ukhale 75.

Kwa amene akuti tikuzimitsa mwambo

Tikudziwa chimene ena ayankhe, ndipo yankho lawo lili ndi nzeru. Adzati: sabata yonse timayenda monyang'ama m'nyumba za eni, kuopa kuti woyandikana naye angagogode khoma kapena kuimbira khonsolo; tsiku limodzi lokha limene tabwereka holo kuti tikhale Amalawi, mukufunanso kutitseka pakamwa? Adzatinso kwathu ng'oma zimalira usiku wonse, ndipo agogo athu sanagonthe nazo.

Chisangalalo sitikuchikana. Kuvina, nthungululu ndi kuyimba mokweza ndi mankhwala a mtima kwa munthu amene ali kutali ndi kwawo. Koma kufanizira holo ya ku Croydon kapena ku Barking ndi bwalo la kumudzi n'kulakwitsa masamu. Pa bwalo palibe denga kapena makoma. Mafunde amamwazikira mlengalenga, ndipo mtunda ukawirikiza kawiri phokoso limatsika ndi madesibelo pafupifupi 6. Mayi wobereka mwana akaima chakumbuyo kwa khamu, mwanayo amakhala wotetezeka. M'holo mafunde amagunda khoma n'kubwerera, kugunda denga n'kubwereranso, motero ngakhale pakona palibe pothawira. Amene anakwerapo m'kati mwa denga lozungulira la St Paul's Cathedral akudziwa kuti kunong'ona chabe kumatsata khoma mpaka kukamveka mbali inayo. Makoma sameza mawu msanga. Komanso ng'oma ya kumudzi imalira ndi mphamvu ya dzanja la munthu, ndipo dzanja limatopa. Chimkuzamawu chimalira ndi magetsi, ndipo magetsi satopa. Zimene tikuchita m'maholo muno si mwambo wa makolo ayi. Ndi chizolowezi chatsopano chimene chabwera ndi makina. Akuluakulu anati ng'oma yoliritsa sichedwa kung'ambika, ndipo pano ng'oma imene ili pa chiopsezo ndi ya m'khutu la mwana.

Chichewa chimalowera m'khutu

Pali chifukwa china chimene nkhaniyi ikutikhudzira ife kuposa ena. Tonse timadandaula kuti ana obadwira kuno akutaya chinenero. Chingerezi amachipeza paliponse: m'mabuku, pa zikwangwani, pa wailesi yakanema, ndipo akaphonya mawu amawawerenga. Chichewa alibe kwina kochipeza koma pakamwa pathu ndi pa foni ya agogo. Khomo lake ndi khutu basi.

Chinenero chathu chimafunanso khutu lakuthwa. Mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pa msika timalemba chimodzimodzi, koma timasiyanitsa ndi kukweza kapena kutsitsa mawu. N'chimodzimodzi khungu la pathupi ndi khungu la kusaona. Phala ndi pala, khala ndi kala, thumba ndi tumba, zimasiyana ndi kampweya kochepa kotuluka pakamwa. Tsono phokoso likayamba kuwononga khutu limayambira ku mawu osongoka, cha pa ma hertz 4,000, kumene kumakhala timaphokoso topepuka ngati s ndi f. Munthu wotere amamva kuti wina akuyankhula koma satola mawuwo. Kusula ndi kufula kumamveka kumodzi. N'chifukwa chake bambo wina amati, "Ndikumva, koma ana a masiku ano amayankhulira m'mano." Vuto silikhala pa mano a anawo.

Mwana amayamba kumva ali m'mimba, miyezi yomalizira ya pakati, ndipo pofika chaka chimodzi bongo wake umakhala utayamba kale kuzolowera maphokoso a chinenero chimene amamva pakhomo. Miyezi imeneyi sibwerera. Ana ambiri aang'ono amadwalanso matenda odzaza madzi kuseri kwa nembanemba, makamaka nyengo yozizira, ndipo amamva ngati atsekedwa makutu ndi zala. Mwana wotere timafulumira kumutcha wamwano kapena wosamva, mawu amene m'chinenero chathu amatanthauza zinthu ziwiri. Ena amatiuza kuti wachedwa kuyankhula chifukwa tikumusokoneza ndi zinenero ziwiri, ife n'kusiya kumuyankhula Chichewa. Zinenero ziwiri sizilepheretsa mwana kuyankhula. Mwana akachedwa, choyamba kuyezetsa ndi makutu.

Mwayi umene tili nawo kuno

Mu 1978 David Kemp, akugwira ntchito pa chipatala cha makutu, mphuno ndi mmero chimene chinali pa Gray's Inn Road muno mu London, anatulukira kuti khutu lathanzi likalandira mawu limabweza kamawu kakekake kochepetsetsa, kamene makina angathe kukamva. Kutulukira kumeneku ndiko kunabala kachipangizo kaja anamwino amaika m'khutu la khanda lili mtulo. Kuyambira mu 2006 makanda onse obadwira ku England amapatsidwa mwayi woyezedwa motere, ndipo a NHS amati mwa ana 1,000 alionse, mmodzi kapena awiri amabadwa ndi vuto la kumva losatha. Ana athu amene anabadwira ku Lilongwe, ku Chipata kapena ku Tete n'kubwera kuno atakula, ambiri sanayezedwepo. Dokotala wa banja angathe kuwatumiza kukayezedwa, ndipo zipangizo zothandizira kumva za NHS sizilipiritsa.

Tiyerekeze ndi kwathu. Kumeneko ana amagontha ndi malungo a mu bongo, matenda oumitsa khosi, mafinya a m'makutu osachiritsidwa, ndiponso nthawi zina ndi mankhwala amphamvu opulumutsa moyo monga kwinini ndi gentamicin. Dziko lonse linakhala zaka zambiri lopanda dokotala wa opaleshoni ya makutu wa Chimalawi kufikira pamene Dr Wakisa Mulwafu anayamba ntchitoyo ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre. Lero kuli malo oyezera makutu pa chipatala chimenechi ndi pa African Bible College ku Lilongwe, komanso sukulu za ana osamva monga Mary View ku Chiradzulu, Mua ku Dedza ndi Embangweni ku Mzimba, koma mayi wa kumudzi amayendabe mtunda wautali kuti akafikeko. Iwo akulimbana ndi ugonthi umene sanausankhe. Kodi si zamanyazi kuti ife, amene thandizo lili pakhomo, tizigonthetsa ana athu ndi makina amene tabwereka ndi ndalama zathu?

Manyazi enieni tawaika pamalo polakwika. Magalasi timavala monyadira, koma kachipangizo ka m'khutu timakabisa m'dirowa kuopa kutchedwa gonthi. Zotsatira zake ndi zakuti mkulu amene anali mwini nthabwala amayamba kukhala phee pa gulu, kenako amasiya kubwera, kenako amasiya kuyankha foni ya kumudzi. M'dziko lachilendo kusungulumwa kotereku n'kowawa kawiri. Gulu la akatswiri la magazini ya zachipatala ya The Lancet linatchula mu 2020 vuto la kumva ngati chimodzi mwa zinthu zopeweka zimene zimawonjezera chiopsezo cha matenda oiwalaiwala a ukalamba. Ndipo abale athu amene anabadwa osamva si anthu operewera. Ali ndi chinenero chawo cha manja, chimene dziko lino linachivomereza mwalamulo mu 2022. Kuteteza makutu ndi kulemekeza osamva ndi ntchito imodzi.

Zimene tikupempha

Kwa a makomiti a maukwati ndi zikondwerero: pobwereka woyimba nyimbo, gwirizanani naye za muyezo wa phokoso monga momwe mumagwirizanirana za malipiro. Muyezo wa WHO wa mu 2022 umati ngakhale malo ovinira asapitirire madesibelo 100, ndipo pamene pali ana tiyenera kukhala pansi kwambiri pa pamenepo. Mafoni athu ali ndi mapulogalamu aulere oyezera phokoso. Popanda foni, muyezo ndi uwu: ngati mukuchita kukweza mawu kuti munthu amene ali mamita awiri akumveni, phokoso lafika poopsa. Matebulo a ana ndi ngolo za makanda zikhale kutali ndi zimkuzamawu, nthawi ya chakudya nyimbo zitsike, ndipo pakhale chipinda kapena khonde lopumulirako makutu.

Kwa abusa ndi atsogoleri a mapemphero: holo ya anthu 60 sifuna makina a pa bwalo la mpira. Uthenga umveke kwa wokhala kumbuyo popanda kuvulaza wokhala kutsogolo.

Kwa makolo: musaphonye tsiku loyezetsa khanda. Ikani malire a phokoso pa foni ndi pa tabuleti ya mwana. Mafoni ambiri ali ndi poikira malirewo. Musatokose m'khutu ndi machesi, nthenga kapena timitengo ta thonje, pakuti zimangokankhira phula m'kati ndipo zingaboole nembanemba. Khutu likatuluka mafinya pitani kwa dokotala, musathiremo za m'botolo la mnzanu.

Kwa ogwira ntchito m'malo aphokoso: zotchingira makutu ndi ufulu wanu mwalamulo, ndipo wogula ndi bwana. Kuzivala si ulesi. Ndipo wina aliyense amene khutu lasiya kumva mwadzidzidzi, asadikire kuti kuche kawiri. Ayimbe 111 kapena aonane ndi dokotala tsiku lomwelo, chifukwa mankhwala ake amathandiza akaperekedwa msanga.

Pa 3 March chaka chilichonse ndi tsiku lokumbukira za kumva padziko lonse. Lingakhale tsiku labwino loti mabanja athu azikumbutsana kukayezetsa, kuyambira agogo mpaka adzukulu. Tikudziwa kuti amene adzayambe kupempha kuti nyimbo zitsike adzayang'anidwa ndi diso lofiira, koma wakutsina khutu ndi mnansi. Tinawoloka nyanja kuti ana athu adzakhale ndi moyo woposa wathu. Tiyeni tiwasiyire makutu oti adzamve nawo aphunzitsi awo, agogo awo pa foni, ndi nthano zimene ife tinazimva pa moto.